Galimoto Imene Ankaitcha Tikankhe

Ngati munachitapo manyazi mpaka kulakalaka nthaka itang'ambika kuti mulowemo, khalani pansi muwerenge za Cornelius Namakhwa wa ku Phalombe. Ine sindikonda nkhani zija zoti munthu wagona wosauka, wadzuka ali ndi nyumba ya malata. Iyi ili ndi girisi, thukuta komanso kupusa pang'ono, n'chifukwa chake ndikuikamba.

Linali Loweruka masana, pa chitunda cha ku Fort Lister, pomwe msewu umakwera pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi. Cornelius anali atapatsidwa ganyu yonyamula mkwatibwi wa eni kupita naye ku tchalitchi cha kuseri kwa phiri, ku Nkhulambe. Galimoto yake yofiira, ya zitseko ziwiri ndi mphuno yaitali, inali itavala maliboni ndi mabaluni. Poiona itaima, munthu sakanaikayikira.

Pakati pa chitunda inayamba kutsokomola. Inanjenjemera, n'kuzima, kenako n'kuyamba kubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono. Cornelius anakoka buleki ya m'manja, n'kusolola mwala umene unkakhala pansi pa mpando, n'kukautchingira ku tayala. Ankhoswe anavula majekete n'kuyamba kukankha. Anakankha mpaka malaya oyera anasanduka ofiira ndi fumbi, koma galimoto sinasunthe.

Mkwatibwi anadikira ola lathunthu. Pomaliza anakwera njinga yamoto ya kabaza, diresi atalipindira m'manja, misozi ikutsuka zodzola kumaso. Anthu anali atatukula mafoni. Mayi ake a mkwatibwi, asanakwere njinga yawo, anatembenukira kwa Cornelius.

"Munthu wolephera sukulu, galimoto yolephera phiri. Mwapezana."

Mayiwo sankanama. Mayeso a Fomu 4 Cornelius anali atawalephera kawiri. Ku galaja ya ku Boma anali atagwirako zaka zitatu, koma ntchito yake inathera pa kutsuka zitsulo ndi kupatsira anzake masipanala. Pa zaka zake zoposa makumi atatu, chomwe anali nacho ndi galimoto imeneyi, imene anthu a m'dera lonselo ankaitcha Tikankhe. Kanema wa tsiku limenelo anayenda m'mafoni kufika mpaka kwa achibale a ku Limbe.

Galimotoyi inali ya malemu bambo ake, a Goodman Namakhwa, amene anabwera nayo kuchokera ku Joni atagwira ntchito kumeneko zaka zambiri. Galimoto za mtundu umenewo zinkagulitsidwa m'mitundu iwiri. Ina inkabwera ndi injini yaikulu, yolira ngati mvula ikubwera, ina ndi kainjini kakang'ono ka masilinda anayi, koma thupi lake linali limodzimodzi. A Goodman anakwanitsa yaing'onoyo. Ukatsegula boneti, kainjiniko kankaoneka kokhala pakati pokha, mbali zonse kuli malo oti mwana n'kugonamo.

A Goodman ankakonda kuloza malo opanda kanthuwo n'kumuuza mwana wawo kuti, "Ukuona, Kone? Galimotoyi anaipangira mtima waukulu. Malo alimo kale, akungodikira." Anamwalira malowo akudikirabe. Mayi anali atatsogola kale.

Patapita sabata chichitikireni manyazi aja, a malume ake a Cornelius, a Fraser, anaitana abale pakhonde. Iwo ndiwo anali eni mbumba, ndipo mawu awo ankakhala omaliza. Sanali munthu wankhanza ayi. Kungoti galimotoyo anali ataikankha zaka makumi atatu, kuyambira nthawi ya alamu awo, a Goodman.

"Msana wanga unathera pa chitsulo chimenechi," anatero a Fraser. "Ndinakankha pa ukwati, ndinakankha pa maliro, ndinakankha ndikudwala malungo. Pano chatichititsa manyazi kwa eni ake. Aitaneni ogula zitsulo zakutha aja, adzachidule."

Onse anagwedeza mitu kuvomera, kupatula Eveles, mlongo wake wa Cornelius, amene ukwati wake unali utakonzedwa kuti udzachitike mu Okutobala. Mwamuna wake analinso wa ku Nkhulambe, kuseri kwa chitunda chomwecho.

"A malume, bambo anandilonjeza kuti tsiku langa ndidzakwera galimoto yawo. Isadulidwe ndisanakwere."

"Ukufuna ukafike ku tchalitchi pa kabaza ngati mnzako uja?"

"Achimwene aikonza."

Cornelius anadzidzimuka, chifukwa iye anali asanalonjeze kanthu. A Fraser anamuyang'ana, kenako anati, "Chabwino. Tsiku limenelo ndidzakhala kutsogolo ndi mwala pamiyendo. Ndikadzangotsika kukatchinga tayala, mawa lake macheka."

Umu ndi momwe zinakhalira. Miyezi isanu ndi iwiri, chitunda chimodzi, ndi mlongo mmodzi padziko lonse amene ankamukhulupirira.

Cornelius anayesa kaye zophweka. Anatsuka kabyuleta, anasintha mapulagi, anamanga apa ndi apo. Kainjini kanalira bwinoko pang'ono, koma pa chitunda kanazimira pamalo pomwe paja. Pamenepo anavomereza zimene bambo ake ankanena: vuto silinali matenda, linali kuchepa. Galimoto yolemera chonchija inkafuna injini yolingana nayo.

Injini yotero sikhala pa msika wa ku Boma pakati pa tomato. Anafunsa m'magalaja, anthu n'kumamuseka. "A Tikankhe, mukufuna injini kapena anthu ena okankha?" Iye ankaseka nawo, koma mumtima zinkamupweteka kwambiri.

Tsiku lina ali kuchigayo cha a Frank, m'munsi mwa phiri, anaona chigalimoto cha bokosi kumbuyo chitagona kuseri kwa nyumba. Napolo atatsika m'phiri chaka cha mvula yoopsa ija, miyala inachiphwanya denga ndi msana wonse, koma mphuno inapulumuka. Cornelius anakweza malata amene anavundikira boneti. M'kati munali injini ya masilinda asanu ndi limodzi, yodzaza matope ouma mpaka pakamwa.

"Imeneyo inafa kalekale," anatero a Frank. "Ikungondisungira njoka. Koma ngati uli ndi manja, chigayo changachi chikumazima kawiri pa tsiku. Uchisamale mpaka anthu athe kugayitsa za chaka chino, ndiye uzule chilichonse ungafune pa chigalimotocho."

Anagwirizana. M'mawa Cornelius ankakhala kuchigayo, atayera ndi ufa mpaka nsidze. Masana ankakhala pansi pa chigalimoto chija, atada ndi girisi. Akazi a pamjigo ankati munthu mmodzi akusintha mtundu kawiri pa tsiku.

Anazula injini, giyabokosi ndi lediyeta, n'kuzikweza pa ngolo ya ng'ombe. Zotsalazo sanaziyang'ane n'komwe. Mukumbukire zimenezi, chifukwa tibwererako.

Kunyumba anayala mkeka pansi pa mtengo wa mango n'kuyamba kumasula injini ija chitsulo chimodzichimodzi. Mchenga unali paliponse. Mapisitoni anali atagwirana ndi dzimbiri moti anawanyika m'dizilo milungu itatu, tsiku lililonse akuwagogoda pang'ono ndi chipika cha mtengo. Mabawuti ankawaika m'zitini za nsomba, chitini chilichonse atachilemba ndi makala. Apa m'pomwe zaka zitatu zotsuka zitsulo ku galaja zinaonetsa phindu. Anthu ankamuyesa wongotsuka, koma maso ake anali akuloweza komwe chitsulo chilichonse chimakhala.

Pisitoni yomaliza itagwedezeka, Cornelius anakhala pansi n'kupumira m'mwamba. Eveles anamubweretsera makaka, chinangwa chouma chija, ophika ndi nyemba za kalongonda, n'kumufunsa ngati yatheka.

"Sinathe kufa," anayankha. "Ndi zokhazo ndikudziwa."

Kuti injini ilowe m'boneti anazika mitengo itatu ya bulugamu, n'kuimanga pamwamba, n'kukoleka tcheni. Injini inatsika bwinobwino, ndipo malo aja a Goodman ankawaloza anaimeza yonse. Koma miyendo yake sinafike pa zokhalira zakale, ndipo chitsulo chopititsa mphamvu ku matayala akumbuyo chinatalika. Panafunika wowotcherera.

Ku Boma kuli mayi wina, a Magret, amene amawotcherera mageti, mabedi ndi ngolo. Ndi munthu wa mawu ochepa koma olasa. Anabwera pa njinga, magalasi akuda ali pachipumi, n'kuizungulira galimoto kawiri. Anadula, anayeza, anawotcherera zokhalira zatsopano, n'kufupikitsa chitsulo chija. Atamaliza anatsamira pa mphuno ya galimoto, n'kuona mmene yaweramira pansi ndi kulemera.

"Iwe Cornelius, waipatsa mtima wa ng'ombe. Nanga miyendo? Mabuleki ndi masipuling'i akadali a mbuzi."

"Mabuleki ali bwino, a Magret. Sanatilakwirepo chiyambire."

"Anali asananyamulepo chimenechi."

"Vuto lathu ndi kukwera. Kutsika ngakhale mwala umatsika."

A Magret anamuyang'ana, n'kutsitsa magalasi awo. "Eya, umatsikadi," anatero, n'kukwera njinga.

Musamuseke msanga Cornelius. Kwa zaka makumi atatu aliyense wa m'banjamo ankaidziwa galimotoyo kuchokera kumbuyo, mapewa ali pa chitsulo. Nkhani zonse za Tikankhe zinali za chitunda. Mtsetse unali nthawi yopuma, yopukuta thukuta ndi kuseka. Palibe amene anauopapo, chifukwa kainjini kaja kanali kopepuka ndipo galimoto inkafika pamwamba ilibe liwiro ngakhale la nkhuku.

Injini inalira koyamba mu Seputembala. Inakana masiku anayi, tsiku lachisanu inatsokomola utsi wakuda, kenako inabangula moti mbuzi za aneba zinadula zingwe. Eveles anaimba nthungululu. Cornelius anangogwira chiwongolero n'kumamva kunjenjemera kwake m'manja, misozi ili m'maso.

M'mawa mwake anapita yekha ku Fort Lister. Pamalo paja mkwatibwi anatsikira, galimoto inadutsa ngati palibe phiri. Cornelius anakuwa yekha m'galimoto, akumenya chiwongolero. Anafika pamwamba mtima uli m'mwamba, ndipo m'malo moima anangopitirira kutsika.

Pokhota poyamba mabuleki anagwira. Pachiwiri anagwira mochedwa. Kenako linamveka fungo la chinthu chopsa, ndipo ataponda kachitatu phazi linangolowa mpaka pansi. Mphuno yolemera ija inkaikoka galimoto kunsi. Kutsogolo kunali amayi awiri atasenza nkhuni, akuyenda m'mbali mwa msewu, osadziwa kanthu.

Cornelius anakankhira giya m'munsi, injini inakuwa, liwiro linatsika pang'ono koma osakwanira. Anakhotetsera kumanzere n'kulowa m'munda wa nandolo. Galimoto inadumpha mzere woyamba, wachiwiri, wachitatu, ikuthyola mitengo ya nandolo, mpaka inaima mphuno itazama m'dothi.

Kunali zii. Amayi aja anaponya nkhuni n'kuthamangira kumundako. Anamupeza atakhala, mlomo utang'ambika pang'ono. Palibe amene anafa, palibe amene anathyoka. Iye anatembenuka n'kuyang'ana mpando wakumbuyo, pomwe Eveles akanakhala atavala zoyera, ndipo anatuluka n'kusanza.

Walira mvula walira matope. Anapempha mphamvu, koma sanafunse kuti mphamvuzo adzaziimitsa bwanji.

Ng'ombe zinaikokera galimoto kunyumba. Kwa mwini munda Cornelius anapepesa, n'kulonjeza kudzakolola nawo nandolo wotsalayo, ndipo anakakololadi. Koma mtima wake unali utafa. Kunali kutatsala milungu itatu. Anapita kwa Eveles n'kumuuza kuti akukawauza a malume aitane a macheka.

"Ndikanakupha, mlongo wanga. Kuli bwino ukwere kabaza n'kukafika wamoyo."

"Yakwera kapena sinakwere?" anafunsa Eveles.

"Yakwera."

"Ndiye theka mwatha. Pitani kwa a Magret mukagwade."

Kunena zoona, kukwera phiri kunali kophweka kuposa ulendo wa ku Boma umenewo. Palibe chowawa ngati kubwerera kwa munthu amene anakuchenjeza. Cornelius anawapeza a Magret akuwotcherera geti. Anaima pambali mpaka anazimitsa moto.

"Mayi, mawu anu aja ndawamva mochedwa."

"Ndamva kuti wakolola nandolo wa eni ndi galimoto," anatero a Magret. Sanaseke nthawi yaitali. "Chigalimoto chomwe unazulako injini chija, miyendo yake ili kuti?"

Cornelius anagwira pakamwa. Miyendo inali komweko, kuseri kwa chigayo, m'udzu. Mabuleki amene anapangidwira kuimitsa injini imeneyo, masipuling'i amene anapangidwira kuinyamula, zonse anazisiya miyezi isanu yapitayo chifukwa maso ake ankangoona chokwezera phiri. A Frank atamuona akubwera ndi ngolo kachiwiri anangoti, "Ndinati chilichonse. Tenga, njoka zisowe pokhala."

Milungu iwiri Cornelius ndi a Magret anaigwira ntchitoyo. Panalibe chimene chinalowa mosavuta. Anaboola, anapala, anawotcherera, anamasula n'kuyambiranso. Mapaipi a mafuta a mabuleki anaika atsopano. Atamaliza, mphuno ya galimoto inadzuka n'kuima mowongoka.

Tsopano Cornelius sanadzikhulupirirenso mwachisawawa. Anadzaza matumba anayi ndi mchenga n'kuwakhazika m'mipando. Thumba laling'ono analitcha Eveles, awiri anali operekeza mkwatibwi, ndipo lalikulu kwambiri, limene analikhazika kutsogolo, analitcha a malume. Ana a sukulu ankagwa ndi phwete pomuona akumangirira thumba lamba. Iye anakwera ndi kutsika Fort Lister kasanu ndi kawiri m'masiku atatu. Anaphunzira kuima pamwamba, kulowetsa giya yaing'ono asanayambe mtsetse, ndi kusiya injini igwire galimoto m'malo motsamira mabuleki okha. Akafika m'munsi ankatsika n'kuyandikitsa dzanja ku matayala kuti amve kutentha. Ulendo womaliza anali ofunda chabe.

Tsiku la ukwati linafika. Eveles analowa kumbuyo ndi operekeza ake awiri, diresi litadzaza mpando wonse. A Fraser anakhala kutsogolo atavala suti ya bulauni, mwala uja uli pamiyendo monga ananenera.

Pa chitunda panali anthu. Ena anabwera kudzathandiza kukankha, atapinda kale manja a malaya. Ambiri anabwera ndi mafoni kudzajambula gawo lachiwiri la manyazi. Wina anakuwa kuti, "Tikankheee!"

Galimoto inawadutsa ikubangula, maliboni akuuluka, n'kuwasiya akutsokomola fumbi. Operekeza mkwatibwi anakuwa ndi chimwemwe. A Fraser anagwiritsa mwala uja pamiyendo. Koma Cornelius sanamwetulire n'komwe. Pamwamba anaima, n'kupuma mpweya wautali.

"Bwanji? Yazima?" anafunsa a malume, dzanja lili kale pa chitseko.

"Ayi, a malume. Khalani. Ntchito yeniyeni ikuyamba pano."

Analowetsa giya yaing'ono. Galimoto inatsika mwaulemu, pokhota paliponse ikumvera phazi lake. Anadutsa munda wa nandolo uja, mizere yophwanyika ikuonekabe. Eveles anatambasula dzanja kuchokera kumbuyo n'kuligwira phewa la mchimwene wake, ndipo sanalichotse mpaka anafika pachigwa.

Pakhomo pa tchalitchi Cornelius anaponda buleki, galimoto n'kuima pomwe iye anafuna, osapitirira ngakhale phazi limodzi. Anazimitsa injini. Pamenepo m'pomwe mapewa ake anagwa, mpweya umene anausunga miyezi isanu ndi iwiri n'kutuluka. Anaika chipumi pa chiwongolero n'kulira ngati mwana, ndipo sanachite manyazi.

A Fraser anatsika pang'onopang'ono, mwala uli m'manja. Anauyang'ana, anayang'ana galimoto, kenako anakauika pansi pa mtengo wa m'mbali mwa tchalitchi.

"Zaka makumi atatu," anatero, akupukuta fumbi pa suti. "Koyamba kufika ku Nkhulambe malaya ali oyera. Mwalawu upume. A macheka akabwera, muwauze kuti asochera."

Lero Cornelius ali ndi kagalaja kake pafupi ndi pomwe a Magret amawotcherera. Sanalemere, ndipo sindikunamizani kuti analemera. Koma a minibasi ndi a malole a nandolo amabwera kwa iye, makamaka pa nkhani ya mabuleki. Galimoto yofiira ija imanyamulabe akwatibwi, ndipo dzina la Tikankhe linakanirira, kungoti pano amalitchula monyadira. Aliyense wobwera kudzafuna injini yaikulu, Cornelius amayamba wamufunsa funso limodzi: "Mukakwera, mudzatsika bwanji?"

Inu amene mukuwerenga, mwina anthu anakupatsani kale dzina la kulephera kwanu. Mwina mwakhala mukukankhidwa pa chitunda chimodzimodzi chaka ndi chaka, ndipo ena akunola macheka. Tsegulani boneti muone. Kulephera phiri sikutanthauza kuti munapangidwa ochepa, malo a mtima waukulu angakhale alimo kale, akungodikira. Ndipo mukadzagwera m'munda wa eni mutayesa koyamba, musathamangire kunena kuti zatha. Bwererani kwa amene anakutsinani khutu, mukatenge zimene munasiya m'udzu.

Osataya mtima. Tsiku likubwera loti nanunso mudzaika mwala wanu pansi.